Mawu a Bambo a Tadala Sanafufutike

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene timapemphera limodzi Lachinayi, ndi inu amene muli kutali koma muwerenga izi pa foni. Ine ndine Nambewe, mayi a Tadala, wa kuno kufupi ndi Lizulu. Ambiri mukudziwa kuti chaka chatha, m'nyengo yozizira, ndinataya amuna anga a Soko, ndipo ambiri munabwera kudzakhuza maliro. Chimene simukudziwa n'chakuti patangopita mwezi tiwaikire m'manda, ndinatsala pang'ono kuwataya kachiwiri. Lero ndikulemba uku ndikuseka ndekha, chifukwa Mulungu anandipulumutsa kudzera mwa munthu amene ndinkamuzemba pa msika. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho mundipirire, ndingofotokoza mmene zinayendera.

Amuna anga anagwira ntchito ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi, pa munda wa mphesa. Ulendo wina atabwera ku tchuthi anandisiyira foni yaikulu yogwira pa galasi, tinaikamo simu khadi ya dzina langa. Ankadziwa kuti ine kuwerenga ndimachedwa, ndiye sankandilembera uthenga. Ankangolankhula, n'kutumiza mawuwo. M'mawa uliwonse, thirakitala isanabwere kudzawatenga kupita ku munda, foni inkalira, ine n'kudina, iwo n'kuyamba: "Anambewe, mwadzuka? Kuno kwacha ndi mphepo. Nanga mbuzi yanu ija yabereka, kapena ikungodya zaulere?" Tsiku lina ankandifunsa za dimba, tsiku lina ankandiuza zimene anzawo aphika n'kupsereza. Tadala atabadwa iwo ali komweko, ankamuimbira nyimbo zongopeka okha, zopanda mutu, ine n'kumaika foni pa khutu la mwana. Mawu onsewo sindinafufutepo ngakhale amodzi.

Pobwerera kumudzi kudzakhazikika, foni yawo inabedwa m'basi. Atafika anangotenga yanga ija n'kumagwiritsa ntchito, ine anandigulira kafoni ka mabatani. Mudzi wonse unazolowera kuti foni yaikuluyo ndi ya a Soko. Tinakhala limodzi zaka ziwiri zokoma, tikulima kachewere ndi kabichi. Kenako anadwala milungu itatu yokha, Ambuye n'kuwatenga.

Maliro atatha, katundu wawo anamangidwa n'kuikidwa m'chipinda, monga mwa mwambo wathu, kudikira tsiku losudzula, limene achibale a mwamuna amamasula mkazi wamasiye n'kugawana zimene malemu wasiya. Munali nsapato, malaya, njinga, wailesi, ndi foni ija. Ine m'mawa, nthawi yomwe ija ankanditumizira mawu, ndinkalowa m'chipindamo, n'kuyatsa foni, n'kumvera amodzi okha. Ndikamva "Anambewe, mwadzuka?" ndinkapeza mphamvu zonyamula khasu. Tsiku lina apongozi anga, mayi awo a malemu, anandipeza ndikumvera. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Anambewe, wakufa samusunga m'thumba. Msiyeni mwanayo apite bwino." Ndinadziwa kuti nawonso anali ndi chisoni chawo. Ndinangoyamba kumvera mobisa.

Amuna anga anali ndi mkulu wawo, a Wyson, amene amakhala ku Balaka. Ndinene poyera kuti alamu angawa si munthu woipa. Maliro onse anawasenza ndi iwo, ndipo palibe anadabwa akuluakulu atanena kuti njinga ndi foni zidzapita kwa iwo. Asanabwerere kwawo anaiyatsa foniyo kuti aione, n'kunena kuti, "Yadzaza iyi, n'chifukwa chake ikuyenda ngati nkhono. Ndikadzaitenga ndikaifulasha ku Balaka, ikakhala ngati yatsopano." Ine ndinangovomera ndi mutu, osadziwa tanthauzo lake. Patapita masiku ndinafunsa bambo wina amene amatchaja mafoni pa sitolo ya m'mudzi mwathu. Anandiuza kuti kufulasha ndi kusesa zonse za m'foni, osasiyamo kanthu. Kunali kutatsala masiku khumi kuti lifike Loweruka losudzula.

Mwina wina afunsa kuti bwanji sindinangowapempha alamu kuti andisiyire foniyo. Amayi anzanga amasiye mukudziwa. Mkazi akakakamira kanthu ka malemu, mawa lake pa chitsime nkhani imakhala yoti anakwatiwira katundu. Ndipo ndikananena chifukwa chenicheni, ndikanakhala ngati ndikunyoza mawu a apongozi pamaso pa anthu. Foniyo sindinkaifuna ine. Ndinkafuna mawu okhawo, kuti Tadala akamakula azidziwa mmene bambo ake ankalankhulira ndi mmene ankasekera.

Bambo wotchaja mafoni uja anayesetsa kundithandiza. Anaitembenuza foniyo uku ndi uku, n'kupeza kuti ilibe malo oika memori khadi. Ndiye anati njira yatsala ndi imodzi, yotchedwa bakapu. Anandifotokozera kuti pa intaneti pali ngati nkhokwe, imene munthu amakwezako zinthu za m'foni, ndipo foni ikatayika kapena kufufutidwa, zinthuzo amakazitsitsira mu ina. Ananditsegulira nkhokwe yangayanga, n'kulemba mawu achinsinsi otsegulira pa kapepala, ine n'kukaika m'buku langa la nyimbo. Anandionetsa nambala yaing'ono pa galasi n'kuti, "Iyi ikafika 100, ndiye kuti zonse zakwera. Muzingokhala pamalo pamene netiweki ili yambiri, timizere tapamwambati tizidzaza." Manambala ndimawadziwa bwino chifukwa cha msika. Ndinagulitsa nkhuku, n'kugula bandulo, n'kubwerera kunyumba ndi chiyembekezo.

Malangizowo ndinawatsata ndi mtima wonse. Ndinayenda ndi foni kuzungulira nyumba, ku khola, ku dimba, kufunafuna pamene timizere tidzaze. Ndinapapeza pa chulu chachikulu cha kuseri kwa nyumba yathu, mbali yolowera dzuwa. Ndikakwera pamenepo timizere tonse tinkadzaza. Ku msika nako zinali chimodzimodzi, pa benchi pamene ndinkagulitsira kabichi tinkadzaza bwinobwino. Ndinkathokoza Mulungu kuti wandipatsa malo awiri abwino. Koma nambala ija sinkayenda. Inafika pa 2, n'kukhala pomwepo tsiku lonse. Mawa lake 3. Tsiku lina ndinapeza yabwerera pa 1, ngati munthu wokwera phiri loterera.

Ndinkaisamala foniyo ngati khanda. Ndinkaikulunga m'mipango iwiri kuopa fumbi ndi maso a anthu, n'kuiika m'chifuwa. Inkatentha ngati mbatata yootcha, ine n'kumati ndiye kuti ikulimbikira ntchito. Dzuwa likamalowa ndinkaizimitsa kuti ipume, monga mmene timapumitsira ng'ombe za pa ngolo. Bandulo yoyamba inatha osadziwa kuti yathera kuti. Ndinagula ina, nayonso inayamba kusungunuka. Anansi anga ankandiona nditakhala pa chulu masana, dzuwa lili pamutu, ndikuyang'ana m'chifuwa, ndipo ndinamva kuti ena ayamba kunong'onezana kuti chisoni chamusokoneza mutu mayi uja. Masiku asanu ndi anayi anatha, nambala ili pa 6.

Lachisanu m'mawa ndinapita ku dimba kukadula kabichi. Alamu anali ataimba kale foni kuti afika madzulo ake. Ndinatulutsa foni, n'kuona 6 yemwe uja, ndipo mtima unangoti zii. Ndinagwada pakati pa mizere, m'matope momwemo. Pemphero lake silinali lokongola ngati la m'tchalitchi ayi. Ndinati, "Ambuye, munanditengera munthu, sindinakutsutseni. Njinga apite nayo, foni apite nayo, nsapato agawane. Koma mawu okhawa ndisiyireni. Ine nzeru zanga zathera pa 6." Nditatero ndinapukuta mawondo, n'kusenza dengu kupita ku msika, chifukwa ngakhale uli ndi chisoni kabichi sadikira.

Kwa inu amene simunafikeko ku Lizulu, msewu waukulu ndiwo malire. Mbali ino ndi Malawi, ukangodumpha tala uli ku Mozambique, ndipo ife timagulitsa mbali zonse ziwiri osaganizako n'komwe. Nthawi imeneyo benchi langa linali mbali ya ku Mozambique. Tsidya lino, moyang'anana ndi pamene ndinkakhalapo, pali shedi ya mayi Nankhoma, mayi wachikulire amene amagula kachewere wambiri kwa alimi n'kumatumiza pa malole ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mayi ameneyu pakamwa pake mpakuthwa, ngakhale madalaivala amamuopa. Zaka ziwiri m'mbuyomo tinakangana chifukwa dengu langa linatseka njira ya matumba awo, ndipo anandinena pagulu kuti ndine chitsa cha pa njira. Chichokereni tsiku limenelo sitinkapatsana moni. Ku maliro anabwera, koma anakhala kumbuyo, ine n'kuchita ngati sindinawaone.

Lachisanu lija, ndili pa benchi, ndinangoona mthunzi waima patsogolo panga. Anali mayi Nankhoma, manja m'chiuno.

"Anambewe, m'chifuwamo mwafungatiramo mwanapiye? Sabata yonseyi ndikukuonani mukungosuzumira. Makasitomala akudutsa, inu maso ali m'bulauzi."

Ndinakonza yankho lowawa, koma nditatsegula pakamwa panatuluka kulira. Ndinalira pamaso pa munthu amene sindinkafuna kuti adzaone misozi yanga. Iwo sanandifunse zambiri. Anauza mayi wogulitsa pafupi nane kuti andionere kabichi, anandigwira pa mkono, n'kundidumphitsa msewu mpaka m'shedi mwawo. Anandikhazika pa thumba la kachewere, ndipo ndinawafotokozera zonse, kuyambira ku Joni mpaka pa 6.

Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi, n'kuti ndiwapatse foniyo. Atangoigwira anaisinthira ku dzanja lina. "Mayi, iyi ndi foni kapena mwaphula pa moto?" Anandifunsa kumene ndinkakhala poikweza, ndipo nditawauza za chulu ndi za benchi, anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Anandionetsa dzina laling'ono limene limalembedwa pamwamba pa galasi, pambali pa timizere tija. Anati ndikakhala pa benchi langa, kapena pa chulu choyang'ana kumadzulo chija, dzina limenelo limasintha, chifukwa foni imasiya netiweki ya kwathu n'kugwira ya ku Mozambique, imene mbali imeneyo ndi yamphamvu.

"Timizere tinkadzaza, inde, koma tinali ta eni ake," anatero. "Bandulo yanu ndi ya ku Malawi, uko sigwira ntchito. Masiku onsewa mwakhala mukugogoda pa khomo la eni, chikhalirecho kiyi muli nayo ndi ya kwanu."

Ndiye kuti tinambala tochepa tija tinkakwera pokhapokha ndikamayenda pa njira, pakati pa nyumba ndi msika. Ndikafika pamalo pamene ndinkati mpabwino, zonse zinkaima. Analowa m'kati mwa foni n'kuiuza kuti isamasankhe yokha netiweki, izingogwira ya kwathu basi. Anati onse ogulitsa pa malire pano amene amadalira foni amachita zimenezi, ndipo anadabwa kuti palibe anandiuzapo.

Kenako anayang'ana katundu amene foniyo inkayesa kukweza, n'kupukusa mutu. Amuna anga anali m'magulu ambiri a pa foni, la anzawo a ku Joni, la mpira, la mpingo, la alimi, ndipo gulu lililonse linkatumiza mavidiyo. Munali maukwati a anthu amene sitikuwadziwa, zigoli, alaliki, ngakhale munthu wina akugwa pa njinga ndi nkhumba. Zonsezo zinali pa mzere, zikukwera limodzi ndi mawu aja, ndipo n'zimene zinkadya bandulo yanga.

"Mukamakweza kachewere pa lole, mumakweza ndi dothi lomwe?" anandifunsa. Ndinati ayi, timayamba tagwedeza. "Basi. Mawu ndi opepuka ngati mankhusu. Cholemera ndi mavidiyowa. Tiwasiye pansi, tikweze mawu ndi zithunzi."

Koma panali vidiyo imodzi imene sindinkafuna kuitaya, ya amuna anga akuvina ngoma pa ukwati wa msuweni wawo. Mayi Nankhoma anaifufuza mpaka kuipeza, n'kuitumiza payokha ku foni yawo kuti adzandisungire. Anaionera kaye, magalasi ali pa mphuno, n'kuti, "Koma amuna anuwa, Mulungu awalandire, kuvina sankatha. Chishango chikupita uku, mwendo ukupita uko." Abale, ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chichokereni maliro, ndipo ndinaseka misozi ili m'masaya, chifukwa zinali zoona. Ankavina ngati akupha njoka.

Za mipango ija anandikalipira ndithu. Anati foni ikatentha imachepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndipo ukaizimitsa ntchito isanathe, nthawi zina imayambiranso kusonkhanitsa katundu. Pamene ine ndinkati ndikuipumitsa, ndinkaibweza m'mbuyo. Anaivula mipango yonse, anachotsanso chikopa chake, n'kuiika pa thabwa pamthunzi pomwe pankadutsa kamphepo. Anailumikiza ku batire ya sola, anazimitsa kanthu kena kamene kamasunga moto wa batire koma kamachedwetsa ntchito, n'kutseka zina zonse zimene zinali zotsegula. Pomaliza anatulutsa m'chikwama kabokosi kakang'ono ka intaneti, kamene amagwiritsa ntchito potumiza zithunzi za matumba kwa ogula a m'tauni, n'kulumikiza foni ya malemu kumeneko.

Ndinawafunsa kuti zonsezi anaziphunzira kuti, poti nawonso sukulu sanapite nayo patali. Anati chaka china foni yawo inagwera m'chithaphwi nthawi ya dzinja, n'kupita ndi manambala a ogula awo onse, ndipo kachewere anawaolera m'shedi akusowa womuimbira. Atagula ina anakakhala pa benchi la wokonza mafoni tsiku lathunthu, osachoka mpaka atawaphunzitsa. "Ndinalira kamodzi," anatero, "kachiwiri ayi."

Anadina, ndipo tonse awiri tinaweramira pa thabwa paja. Nambala inayambira pa 0, mtima wanga n'kugwa. Koma ndisanapume kawiri inali pa 4. Kenako 9. Inadutsa 6 wanga wa masiku asanu ndi anayi uja osamupatsa ndi moni womwe. Ndinayamba kuwerenga mokweza ngati mwana wa Sitandade 1, 15, 22, 30. Amayi ogulitsa tomato ndi anyezi anamva, n'kuyamba kubwera mmodzimmodzi kudzafunsa kuti kwagwanji. Atamva nkhani yake sanachoke. Ena mwa iwo ndi omwe aja ankanong'ona kuti ndazungulira mutu, koma tsiku limenelo ankawerenga nane limodzi, 50, 61, 70, wina n'kumaikupiza foniyo ndi katoni kuti isatenthe.

Itafika pa 88, lole inaima kutsogolo kwa shedi n'kuliza hutala. Inabwera kudzawatenga mayi Nankhoma kuti akakweze matumba ku minda ya alimi, ndipo kabokosi kaja sakasiya, chifukwa ogula amafuna zithunzi lole isananyamuke. Ndinayang'ana nambala, ndinayang'ana lole, n'kuyamba kupemphera chamumtima. Dalaivala analizanso hutala, n'kutulutsa mutu pa windo kunena kuti dzuwa likupita. Mayi Nankhoma sanadzuke n'komwe pa thumba lawo.

"Achimwene, zimitsani injini, mukagule chimanga chootcha apo. Kachewere alibe miyendo, timupeza."

Dalaivala anang'ung'udza kuti iye ali ndi ulendo wa ku Blantyre. Iwo anati, "Blantyre nayenso alibe miyendo." Amayi onse anaseka, injini n'kuzima.

Pa 97 nambala inaima. Inaima nthawi yoti munthu akhoza kusenda mbatata zodzaza mbale. Ine ndinatseka maso, sindinafune kuona ikubwerera pa 1. Ndinangomva mayi wa tomato akuyamba nthungululu, ena n'kulandira. Nditatsegula maso, 100 anali pa galasi. Ntchito imene inandikanika masiku asanu ndi anayi inatha nthawi yosakwana kuphika nyemba. Ndinagwada pakati pa matumba, fumbi lili mbuu, n'kuthokoza Mulungu mokweza osachita manyazi. Mayi Nankhoma anaonetsetsa kuti foni yalemba tsiku ndi nthawi imene zakwera, n'kundiuza zinthu ziwiri: kapepala ka m'buku la nyimbo ndisakataye, ndipo simu khadi yanga ndisapereke. Atatero anatenga kabokosi kawo n'kukwera lole, uku akumukalipira dalaivala kuti wawachedwetsa.

Loweruka achibale anasonkhana pakhomo, mwambo unayenda bwino, ndipo anandimasula ndi mawu abwino. Itafika nthawi ya katundu, ndinatenga foni ija, ndinagwada, n'kuipereka kwa alamu ndi manja awiri. Ndinapempha simu khadi yokha, iwo n'kuitulutsa okha, poti anali ndi yawo. Amayi ena pambuyo pake anandiuza kuti sanaonepo wamasiye wopereka katundu nkhope ili yowala chonchija. Sankadziwa kuti ndinapereka chikho, madzi nditatsanulira kale mumtsuko.

Komabe miyezi inayi yotsatira ndinakhala wopanda mawu aja, ndipo nthawi zina ndinkakayika ngati nkhokwe yosaoneka ndi maso ingasungedi kanthu. Nditakolola kachewere ndinagula foni yogwirapo kale ntchito, n'kupita nayo kwa mayi Nankhoma pamodzi ndi buku la nyimbo. Tadala, amene tsopano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinamutenga. Tinaikamo simu khadi, tinalemba mawu a pa kapepala, n'kudikira pang'ono. Zinthu zinayamba kutsika, mzere wautali wa mawu, kuyambira chaka choyamba cha ku Joni. Ndinadina amodzi mosasankha. "Anambewe, mwadzuka? Nanga mbuzi yanu ija yabereka?" Tadala anayandikira foni n'kuyankha mwaulemu, "Tadzuka bwino ababa. Inabereka awiri." Mayi Nankhoma anavula magalasi n'kunena kuti fumbi la kachewere lawalowa m'maso.

Ndinkaganiza kuti Mulungu wathera pamenepo, koma anali atasunga china. Mwezi wathawu tinamanga chiliza cha malemu, ndipo alamu anabwera kuchokera ku Balaka. Titabwerako ku manda, anthu akudya, anandiitanira pansi pa mtengo wa mapichesi. Kunkazizira, ndipo anali atavala jekete yakuda yachikopa. Anati pali chinthu chikuwasowetsa mtendere. Tsiku limene anapita kukafulasha foni ija, wokonzayo anawafunsa kuti muli mawu ojambula ambirimbiri, afufute? Iwo anali pa changu, anangoti fufutani. Atafika kunyumba m'pamene anazindikira kuti anali mawu a ndani.

"Mlamu, ndinafufuta mng'ono wanga ndi pakamwa pangapa," anatero. "Nkhope ndimaiona pa chithunzi, koma mawu ake ndikayesa kuwakumbuka sakubweranso. Ndipo inu ndinakulandani osadziwa. Mundikhululukire."

Ndinamasula foni pa nsonga ya chitenje, n'kufufuza mawu ena amene ndinkawadziwa bwino, a chaka chachitatu cha ku Joni. Ndinaiika pa bondo pawo n'kudina.

"Anambewe, mukawaona achimwene a ku Balaka muwauze kuti jekete yanga yachikopa ija anangobwereka, sindinawapatse ayi. Asaizolowere. Ndikabwera ndidzawavula pa msewu pomwepo, anthu akuona."

Alamu anayang'ana foni, anayang'ana jekete imene anavala, n'kugwira kolala ndi manja onse awiri ngati wina akubweradi kudzawavula. Kenako anaseka. Anaseka mpaka kutsetsereka pa mpando, misozi ikuyenderera m'ndevu, uku akunena kuti, "Ndi iyeyu, ndi iyeyu ndithu." Anthu anasiya mbale n'kubwera. Pakati pawo ndinaona apongozi akuyandikira ndi ndodo yawo, ndipo ndinachita mantha, ndinafuna kubisa foni. Iwo anakhala pansi pa mphasa pafupi nane n'kuti, "Tabwerezani pamenepo." Ndinabwereza. Anamvera katatu, maso ali otseka. Pomaliza anati, "Mwano wake womwe uja. Anambewe, munachita bwino." Tsiku la chiliza limene ndinkaliopa linatha anthu akuseka, akupempha kuti ndiike ya mbuzi, ndiike ya nyimbo za Tadala, ndiike vidiyo ya ngoma ija.

N'chifukwa chake ndati ndisakhale chete. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la m'matope, lopanda mawu okongola. Ndinkayembekeza kuti thandizo lidzachokera kwa munthu wophunzira, kapena kwa mnzanga wa pamtima, koma Iye anatuma amene ananditcha chitsa cha pa njira. Lero mayi Nankhoma ndimawatcha achemwali, benchi langa ndinalisamutsira pafupi ndi shedi yawo, ndipo amandikalipirabe tsiku lililonse. Ndikuthokozanso bambo wotchaja mafoni amene ananditsegulira nkhokwe ija, ndi amayi onse amene anawerenga nane mpaka 100.

Inu amene muli ndi mawu a okondedwa anu m'foni, a amuna anu ali ku Joni, a mayi anu okalamba, a ana anu, musadikire tsiku la maliro ngati ine. Akwezeni lero, anthuwo akadali moyo. Siyani mavidiyo a eni pansi, foni ikhale ikutchaja ili pamthunzi, musaizimitse isanamalize, ndipo ngati mumakhala m'malire muno, yang'anani kaye dzina lili pamwamba musanakhulupirire timizere. Ndipo inu amene vuto lanu si la foni, koma nanunso mwaima pa 6 masiku ambiri, mwachita zonse zimene mukudziwa koma palibe chikusuntha, musaleke kupemphera. Mwina simunalakwe kulimbikira, mwangoima mbali yolakwika ya msewu, ndipo amene adzakudumphitseni ali pafupi, mwina ndi yemwe simumupatsa moni.

Alamu tsopano amandiimbira Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, kupempha kuti ndiwatumizire mawu amodzi. Ndimawatumizira amodziamodzi, ndipo atsala ambiri oti atifikitsa zaka. Jekete ija mpaka lero sanabweze. Akuti akudikira mwini wake adzawavule yekha tsiku limene tonse tidzakumane, ndipo ine ndikukhulupirira kuti tsikulo lilipo. Ulemerero upite kwa Mulungu. Ameni.